Tinti pa magalasi akutsogolo: kalata ya dokotala ingandithandize pa rodibuloko?

Nachisale, Chinamwali

Moni nonse. Pano ndikudziwa kuti pali madalaivala, amakanika ndi ena ozindikira malamulo, ndiye ndati ndibweretse vuto langa.

Ine ndimachita geni ya mpunga. Ndimakapikula ku Jali ndi m'midzi ya kufupi ndi nyanja ya Chilwa n'kukagulitsa ku Limbe, ndipo Sienta yanga ndimayendetsa ndekha. Ndili ndi matenda otchedwa lupus. Kwa amene sanawamvepo, ndi matenda oti chitetezo cha m'thupi chimatembenukira thupi lomwelo, ndipo amakonda kugwira ife amayi. Sapatsirana. Chimene chimawadzutsa mwa ine ndi dzuwa. Likandiwomba kwa kanthawi, m'masaya ndi pamphuno mumatuluka zidzolo zotentha, usiku wake mfundo za zala zimatupa moti kumanga chitenje kumakhala ntchito, ndipo kutopa kwake sikutha tsiku limodzi.

Amene mumayenda msewu wa M3 mukudziwa mmene zimakhalira. Ukanyamuka mu Zomba masana kulowera ku Blantyre, pofika pa Thondwe dzuwa limakhala litapendekera kudzanja lamanja, komwe kuli chiwongolero. Limakuwotcha mkono ndi tsaya mpaka pa Namadzi, mpaka pa Njuli, osakusiya. Mu October ndiye zimafika posauzana. Malaya a manja aatali ndimavala, mafuta oteteza khungu ku dzuwa a SPF 50 ndimadzola, koma munthu wonyamula matumba thukuta silimusowa, ndipo mafutawo sachedwa kuchoka.

Ndiye ndinakamatitsa tinti yakuda pa magalasi awiri a zitseko zakutsogolo. Akumbuyo anachita kubwera akuda kale kuchokera ku Japan. Pa rodibuloko ina wapolisi anandiimitsa, anaona laisensi, COF (chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi, zonse zili m'malo. Kenako anakanda m'mphepete mwa galasi ndi chikhadabo n'kunena kuti, “Mayi, ichi chichoke. Galimoto ikamabwera ine ndiziona amene ali mkati.” Ndinatulutsa buku langa la kuchipatala, lija lachikasu, n'kumuonetsa tsamba lomwe adokotala analemba kuti ndizipewa dzuwa. Anawerenga ndithu, sanandinyoze ayi, koma anati bukulo likunena za thupi langa, za galimoto mulibemo. Anandilola kupita atandichenjeza kuti akadzandipezanso nayo, ndidzalipira chindapusa.

Funso langa ndi ili. Munthu wodwala ngati ine achite chiyani kuti aziyenda mwamtendere? Ndikapempha adokotala kalata yachidindo yotchula za tinti, wapolisi angailemekeze? Nanga akumbuyo aja, omwe sindinamate ine, nawonso ndi mlandu? Galimotoyi ndiye munda wanga, ana akuphunzira chifukwa cha iyo, sindingaiimike. Komanso sindikufuna kuti tsiku lililonse ndizichonderera munthu pamsewu ngati ndaba.

Che Jafali wa matinti, Mpondabwino

Pepani ndi matendawo, mayi. Ntchito yanga ndi yomweyi yomata tinti, ndiye ndiyankha mbali imene manja anga amagwira.

Makasitomala ambiri amaganiza kuti tinti ikada kwambiri ndiye kuti ikuteteza kwambiri khungu. Si mmene zilili. Nambala imene imalembedwa pa mpukutu, kaya 5, 20, 35, 50 kapena 70, imanena za kuwala koona ndi maso kumene kumadutsa. Ya 5 imadutsitsa 5 peresenti yokha, ndi ija yakuda bii imene anyamata amaikonda. Ya 70 ukamata munthu sadziwa n'komwe kuti pali kanthu. Koma chimene chikukupwetekani inu ndi cheza cha UV, chomwe maso saona, ndipo chimatsekedwa ndi mankhwala amene opanga amaika m'pepala la tintiyo, osati ndi kuda kwake. Ilipo tinti yoyera mbee imene imatseka 99 peresenti ya UV. Iliponso yakuda yotchipa, ya utoto chabe, imene dzuwa la kuno likaimenya imasanduka yapepo n'kuchita matuza, ndipo pamenepo simungaidalirenso.

Mwina mwaona kuti dzuwa lodzera pa galasi lalikulu lakutsogolo silikuvutani ngati lodzera pa chitseko. Chifukwa chake n'choti galasi lalikululo ndi magalasi awiri omatikizidwa ndi pulasitiki pakati. N'chifukwa chake mwala ukaligenda limangong'aluka osayoyoka, ndipo pulasitikiyo imatseka pafupifupi UV yense. La pachitseko ndi limodzi lokha, lija likasweka limayoyoka ngati mchere wamiyala. Limatseka UV wamtundu wa B, koma wamtundu wa A wambiri amadutsa. Vuto lanu lagona pa magalasi awiriwo basi.

Musanawononge ndalama, suzumirani pakona ya m'munsi ya galasi la chitseko chanu, pomwe pali tizilembo ta fakitale. Magalimoto ambiri a ku Japan amabwera ndi magalasi olembedwa UV pamenepo, kutanthauza kuti anawapanga kale ochepetsa chezacho. Ngakhale litakhala lotero, kumatapo yoyera ija kumawonjezera chitetezo.

Za akumbuyo mtima ukhale m'malo, palibe chomatula. Utoto wake unalowa m'galasi momwemo popanga, mukakanda ndi chikhadabo simupeza poyambira. Ndipo a ku Japan amadetsa akumbuyo okha chifukwa lamulo lakwawo limafuna kuti galasi lalikulu ndi a zitseko zakutsogolo azidutsitsa kuwala kosachepera 70 peresenti. Galimoto yanu inachoka kumeneko akutsogolo ali oyera pa chifukwa chimenecho.

Chinanso choti mudziwe: galasi lopanda tinti nalo silidutsitsa kuwala konse. Tiyerekeze kuti lanu limadutsitsa 80 peresenti, inu n'kumatapo pepala la 35, zotsatira zake ndi 28, osati 35. Anthu amakangana ndi apolisi atagwira kapepala ka nambala ya mpukutu, osadziwa kuti pa galimoto nambalayo yatsika.

Langizo langa, matulani yakudayo, matani yoyera ya UV. Wapolisi aziona nkhope yanu ali patali, khungu lanu lili lotetezeka.

Agogo Mbewe, Matawale

Mwanangu Nachisale, ine ndakalamba ndi chiwongolero m'manja, magalimoto aboma ndi malole omwe. Matenda ako ndawamva ndipo ndakumvera chisoni. Koma pa nkhani ya magalasi akutsogolo ndili mbali ya wapolisi uja, ndipo chifukwa changa si chake choti azikuona iwe. Changa n'choti iwe uziona ena.

Geni yakoyo siimatha dzuwa lili pamutu. Pobwerera ku Limbe umalowa mu Zomba kutada. Taganiza kuchoka pa depoti kukafika kwanu ku Chinamwali nthawi ya 7 koloko madzulo: akabaza opanda nyale, njinga zamoto zotulukira paliponse, amayi osenza mitolo m'mbali mwa tala, ana owoloka mothamanga. Ameneyo wa njinga amene akubwera chakumanja kwako umamuonera pa galasi la chitseko, ndiponso kalilole wam'mbali umamuyang'ana kudzera pa galasi lomwelo. Ukalidetsa wadzitseka diso limodzi. Onjezerapo chiperoni cha June ndi July, nkhungu itatsika m'phiri, magalasi atachita nthunzi. Ndaonapo anyamata a tinti yakuda akutsitsa magalasi mvula ikugwa kuti athe kukhota pamphambano. Ndiye phindu lake lili pati?

Pali chinanso chimene achinyamata sachiwerengera. Munthu woyenda pansi akafuna kuwoloka amayang'ana maso a dalaivala. Ukamukodola amawoloka, akaona kuti wayang'ana kumbali amadikira. Galasi likakhala lakuda amangolota.

Che Jafali anena zoona. Chita zimenezo, ndipo ugule magolovesi a nsalu yothithikana, chifukwa kuseri kwa manja pa chiwongolero n'komwe dzuwa limakhalitsa.

Achimwene a ku Joni

Ine ndinayendetsapo galimoto yoperekera katundu ku Johannesburg. Kumeneko lamulo lili ndi manambala ake: galasi lalikulu lakutsogolo lisatsike pa 70 peresenti, enawo asatsike pa 35. Anthu ambiri amamata pepala lolimbitsa galasi chifukwa cha akuba ophwanya mawindo pa maloboti, ndipo amasankha lomwe silipyola malirewo. Ku Britain anakhwimitsa kuposa apo, 75 pa lalikulu ndi 70 pa zitseko zakutsogolo, ndipo amayeza ndi kachipangizo kopanira pa galasi.

Chomwe ndikufuna kunena n'choti nkhani ya tinti imafuna muyeso. Diso la wapolisi m'mawa ndi diso lake madzulo sizifanana, ndipo la mnzake pa rodibuloko yotsatira ndi linanso. Asisi, ya 35 yabwino usiku imaoneka bwinobwino, agogo asakuopsezeni kwambiri.

Wophunzira malamulo, Chirunga

Mayi Nachisale, ndiyankhe funso lanu la kalata mosapita m'mbali. Wapolisi uja ananena mfundo yolondola. Dokotala ali ndi mphamvu yochitira umboni za thupi lanu, koma alibe mphamvu yololeza galimoto kukhala mosiyana ndi mmene malamulo a pamsewu akufunira. Kalata yake, ngakhale ikhale ndi zidindo zingati, ndi umboni wothandizira pempho. Si chilolezo. Wapolisi wachifundo akhoza kuiwerenga n'kukusiyani, wina n'kukulemberani, ndipo inu muzikhala ndi nkhawa pa rodibuloko iliyonse monga mwanenera.

Kuno kwathu nkhani za galimoto zili pansi pa Road Traffic Act ya 1997 pamodzi ndi malamulo ang'onoang'ono opangidwa pansi pake, okhudza kapangidwe ka galimoto ndi zida zake. Amene amayang'anira zoti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu ndi nthambi ya boma ya DRTSS, yomwe tonse timangoti ku Road Traffic. Choncho ngati pali chifukwa cha chipatala chofunira tinti yoderapo, pempho lipite kumeneko, ndipo likhale lolemba. Mutchule nambala ya galimoto, magalasi amene mukufuna kumata ndi nambala ya tintiyo. Muphatikizepo kalata ya dokotala yonena dzina la matenda, chifukwa chimene dzuwa limakupwetekerani, komanso ngati ndi vuto lokhalitsa. Musunge kope lomwe adindapo posonyeza kuti alandira, ndipo mupemphe yankho lolemba. Mawu apakamwa a munthu wa pa kauntala sangakuombolereni pamsewu.

Mayiko ena anazikonza momveka. Ku Nigeria lamulo la 1991 limaletsa magalasi akuda, koma limalola mkulu wa apolisi kupereka chilolezo pa zifukwa za thanzi kapena chitetezo. M'zigawo zambiri za America muli fomu imene dokotala amasaina, boma n'kupereka chiphaso choti dalaivala azisunga m'galimoto. Onani kuti konseko dokotala amangochitira umboni, wololeza ndi boma.

Ku Kenya kunachitika zina zotiphunzitsa. Mu 2014 mkulu wa apolisi wa nthawiyo, David Kimaiyo, analamula kuti magalimoto a tinti azigwidwa, aanthu wamba omwe. Nkhani itapita ku khoti lalikulu, chigamulo chinali choti lamulo lolembedwa limakhudza magalimoto onyamula anthu olipira okha. Chimene chimamanga munthu ndi chomwe chalembedwa m'lamulo. N'chifukwa chake mukaimitsidwa muli ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti mlandu wake ndi uti ndipo uli pa gawo liti. Mukavomera kulipira, landirani lisiti ya boma, ija ya GR, yolembedwa mlanduwo. Mukaukana, woweruza ndi khoti. Za “ya fanta” musayambe n'komwe, mawa mudzapezanso wina waludzu ndipo galasi lidzakhala lomwelo.

Bambo a Chisomo, Malosa

Ndawerenga zonse ndipo ndati nanenso ndiyankhulepo, chifukwa nkhaniyi kwathu imatipweteka mbali ziwiri.

Mwana wanga wamkazi ndi wachialubino. Dzuwa kwa iye si nkhani ya zidzolo chabe, ndi nkhani ya khansa ya pakhungu, imene yatenga anthu ambiri achialubino akadali achinyamata. M'mawa uliwonse mayi ake amamudzoza mafuta kumaso, m'khosi, kuseri kwa makutu ndi pamilomo, kenako chipewa cha khonde. Ndipo kwa iye tinti yoyera ija siingathetse zonse, Che Jafali, chifukwa maso ake nawo salimba ndi kuwala. Kukawala kwambiri amatsinzina, misozi n'kumatuluka, mutu n'kuyamba kupweteka. Ndiye alipo odwala ena amene kuderako pang'ono amakufunadi. Ife tinapeza njira yathu: amakhala mpando wakumbuyo komwe magalasi ndi akuda a fakitale, atavala magalasi a dzuwa. Tikamapita ku Liwonde m'mawa amakhala kumanzere, chifukwa dzuwa limalowera mbali ya dalaivala. Pobwerera masana limalowanso mbali yomweyo, ndiye malo ake sasintha.

Mbali inayo ndi iyi. Kuyambira cha mu 2014, pomwe kuba ndi kupha anthu achialubino kunakula m'dziko muno, ndipo Machinga wapafupi nafeyu anali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri, ine galimoto yakuda magalasi onse ikaima pafupi ndi sukulu ya mwana wanga mtima umandithawa. Sindidziwa kuti muli anthu angati, sindidziwa ngati akumuyang'ana. Mwina ndi kholo linzanga chabe lodikira mwana wake. Koma mantha amenewo ndimagona nawo. Wapolisi akamati ndikufuna kuona amene ali mkati, ine ndimamumvetsa kuposa wina aliyense, chifukwa tsiku lina amene ali mkatimo akhoza kukhala mwana wa munthu atamutseka pakamwa.

Inunso mayi, poti mumalowa m'midzi kukagula mpunga, ganizirani za chitetezo chanu. Mukukumbuka 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe, mmene anthu ankaimitsira magalimoto achilendo. Mphekesera ikadzuka, galimoto yosaoneka mkati ndi imene imayamba kulozedwa chala. Kuli bwino azikuonani kuti ndi mayi aja a mpunga.

Chimene ndimalakalaka n'choti pakhale kachizindikiro koonekera pa galasi lakutsogolo, pafupi ndi ka COF, kosonyeza kuti galimoto iyi inaloledwa chifukwa cha matenda. Wodwala asamafotokoze za thupi lake pamsewu anthu akumvetsera. Nkhani ngati imeneyi mabungwe monga APAM, la anthu achialubino m'Malawi muno, akhoza kuikankha, ndipo a lupus ndi ena a matenda a khungu mutagwirizana nafe mawu angamveke patali.

Nachisale, Chinamwali

Zikomo nonse, mwandimasula. Bambo a Chisomo, mawu anu andikhudza kwambiri, mumupatse moni mwanayo. Zoti wodwala asamavule matenda ake pamsewu n'zimene zinandiwawa tsiku lija, chifukwa kumbuyo kwanga kunali minibasi yodzaza, anthu makosi ali panja.

Achimwene a ku Joni, ya 35 ndiisiya. Maso anga alibe vuto ndi kuwala, ndipo zomwe agogo anena za njira ya ku Chinamwali usiku ndimaziona ndekha. Ndipita ndi yoyera ija. Adokotala ndiwauzabe ku kiliniki yotsatira kuti adziwe zomwe ndasintha.

Che Jafali, ndasuzumira pakona paja, pali dzina la kampani ndi manambala, za UV palibe. Tsono nkhawa yanga ndi iyi: pepala loyera ndi loyera basi. Ndidziwa bwanji kuti andimatira lenileni, osati pulasitiki wamba pa mtengo wa lenileni? Ndipo yakudayi ndingamatule ndekha?

Che Jafali wa matinti, Mpondabwino

Kumatula mungathe, mayi. Imikani galimoto padzuwa magalasi atenthe, guluu amafewa. Inu mukhale pamthunzi, mutume mnyamata. Atsitse galasi pang'ono, anyamule kona ya m'mwamba ndi kalezala, azikoka pang'onopang'ono ndi manja awiri kuti lichoke lathunthu. Guluu wotsalira apopere madzi a sopo n'kupala ndi lezala latsopano atalipendeketsa. Mwayi wanu ndi woti ndi a zitseko. Likanakhala galasi lakumbuyo ndikanakuletsani, chifukwa lezala limadula timizere tija totenthetsa galasi pochotsa nthunzi.

Za kuzindikira lenileni, womata akuonetseni bokosi la mpukutu, muwerenge nokha nambala ya kuwala ndi ya UV. Akayamba kuzungulira, pitani kwina. Ndiye muyesenso chonchi. Bwerekani magalasi a maso aja amene amada okha munthu akatuluka padzuwa, poti chimene chimawadetsa ndi UV yemweyo. Pemphani kachidutswa kotsala ka tintiyo, muphimbe nako diso limodzi la magalasiwo mudakali m'nyumba, kenako muwatulutse padzuwa kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Diso losaphimba lida. Lophimbalo likatsala loyera, pepalalo likugwira ntchito. Onse akada mofanana, musalipire.

Akamata, musatsitse magalasiwo kwa masiku atatu kuti guluu agwire, ndipo timadontho ta madzi mukationa mkati musatiboole, timauma tokha. Ndiye musankhe masiku oti simukupita ku Limbe, chifukwa pa rodibuloko adzakuuzani kuti mutsitse galasi.